Diso la NyaLongwe

Bambo Mfumu anapempha banja la malemu Mayi Selina Kalumbu kuti lilembe mbiri yawo m'kalata ya parishi ino, ndipo anawonjezera kuti ikhale yolimbikitsa akhristu. Banja layesetsa. Ngati pena mawu amveka owawa, owerenga atikhululukire, pakuti dothi la pamanda awo silinaume.

Ambiri mumpingo muno ankawadziwa ndi dzina la kwawo, NyaLongwe. Ana a masiku ano amawakumbukira ngati agogo a diso lotsekeka amene ankakhala pabenchi yakumbuyo pa Misa ya Chichewa. Sanabadwe choncho, ndipo diso lija silinatsekeke lokha.

Anabadwira ku Nkhata Bay, m'banja la msodzi. Pakhomo pamene ndiwo za tsiku ndi tsiku zinali usipa, thupi la mwana ameneyu linkakana nsomba. Akangolawa pang'ono, khungu linkatuluka zidzolo, milomo n'kutupa. Alongo awo ankawaseka kuti, "Mtonga wanji iwe wosadya nsomba? Anakutola pamsewu wa ku Mzimba." Iwo ankangonyamula kambale kawo ka chigwada n'kukadyera kuseri kwa nyumba. Atakula ankaikamba nkhaniyi akuseka. "Mulungu anandipatsa nyanja yonse n'kundimana pakamwa," ankatero. "Ankafuna ndiphunzire kuthokoza pongoona."

Sukulu anailekezera Sitandade 5, chaka chimene bambo awo anamwalira. Azakhali awo anawatenga kubwera nawo ku Mzuzu, ku Lupaso, kuti azidzalera ana. Kumeneko masisitere anawaphunzitsa kusoka, ndipo kumeneko ndi kumene anakumana ndi Bambo Fyson Kalumbu, mnyamata wa ku Dedza amene boma linamutumiza kuno ngati mesenjala. Mnyamatayo Chitumbuka sankachimva, Chitonga ndiye osanena. Namwaliyo Chichewa ankachilankhula mochita kutolera. Ankakonda kunena kuti anakwatirana asanayambe kumvana, n'chifukwa chake chaka choyamba sanakanganepo.

Anamanga ku Ching'ambo, kumunsi kufupi ndi dambo, kumene madzi amalowa m'nyumba osagogoda. Mulungu anawapatsa ana atatu. Woyamba anamutenganso asanayambe kukwawa. Anatsala Daisy, amene anakwatiwa ku Kasungu, ndi Lumbani, chitsirizira. Bambo Fyson anamwalira Lumbani akadali kupulayimale. Kuyambira pamenepo NyaLongwe ankalawirira kumsika ndi dengu la nthochi, masana n'kumasoka zigamba za anthu pakhonde. Ndi nthochi ndi singano anamuphunzitsa mnyamatayo mpaka anakalowa koleji ku Lilongwe, kukaphunzira za ulimi wothirira. Tsiku limene ananyamuka, anamuperekeza kudepoti atavala chitenje cha parishi, ngati akupita ku Misa.

Ntchito yawo mumpingo palibe amene anawasankhira. Tsiku lina anangoona nsalu ya paguwa ili ndi madontho a kandulo, anaipempha, n'kubwera nayo Loweruka itayera. Zinayamba choncho, ndipo zinakhala choncho kufikira ana amene anabatizidwa pa nsalu zimenezo nawonso anayamba kubatizitsa ana awo. Ankachapa ndi madzi a mvula okha, ati a pachitsime amasiya dzimbiri. Phula la kandulo ankalichotsa poyala pepala pamwamba n'kudutsitsa simbi ya makala. Mkanjo wa wansembe ukang'ambika, chigamba chawo ngakhale mwini mkanjo sankachipeza. Dzina lawo silinawerengedwepo pa zolengeza. Wina akawayamikira ankayankha kuti, "Yewo, koma Mwini guwa ndiye amaona," n'kupitiriza kupinda.

M'mphakati wathu, kagulu ka akhristu oyandikana nyumba, munali mayi wina amene anali bwenzi lawo la pamtima. Dzina lake silidzalembedwa pano chifukwa malemu analetsa. Iwo ankawatchula kuti achemwali, ndipo ifenso tiwatchula choncho. Achemwali anali mkazi wa bwana wina wa m'boma, ophunzira, odziwa Chingerezi, a mtima wopatsa. Bambo Fyson atamwalira, ndi iwo amene anagona pamkeka pafupi ndi namfedwa mpaka maliro anatha. Madzi atalowa m'nyumba chaka china, ndi iwo amene anasunga ana. Zimenezi ziyenera kunenedwa, chifukwa n'zoona ngati mmene zotsatirazi zilili zoona.

Lumbani ali chaka chachiwiri ku koleji, maso a mayi ake anayamba kuchita nkhungu. Poyamba ulusi unkakana kulowa pasingano. Kenako anayamba kulonjera anthu ndi mayina a eni ake ena. Tsiku lina anawotcha nsalu ya paguwa ndi simbi, osaona kuti khala lagwerapo, ndipo analira ngati aferedwa. Kuchipatala anawauza kuti ndi ng'ala, m'maso onse awiri, lamanja ndilo lakhwima kwambiri. Anawalimbitsa mtima kuti ndi matenda ochizika. Amachotsa kanthu kochita mbuu kaja n'kuikapo kena koyera, munthu n'kuonanso.

Pa Lenti ya chaka chimenecho kunamveka kuti kukubwera gulu la madokotala a maso ochokera kubungwe lina, ndipo lidzagwira ntchito masiku ochepa pa kachipatala kena m'tauni muno. NyaLongwe analembetsa. Anawapatsa tsiku la mkati mwa Sabata Loyera. Dzulo lake amayi a mphakati anasonkhana kunyumba kwawo kudzawapempherera. Atamaliza kolona, achemwali anasendera pafupi.

"NyaLongwe, kodi za nsomba mwawauza?"

"Nsomba zikugwirizana bwanji ndi diso, achemwali?"

"Mama, mundimvere ine. Asanalikhudze diso amayamba alitsuka ndi mankhwala ofiirira aja, ayodini. Amenewo ndi a m'nyanja. Nsomba ndi ayodini ndi pachibale. Inu mukangolawa usipa milomo imakhala ngati ya ng'ombe. Nanga akakuthirani m'diso?"

Amayi anaseka za milomo ya ng'ombe, mwini wake nayenso anaseka.

"Chabwino, ndikawauza kuti nsomba zimandikana."

"Yayi. Mukatchula nsomba akakusekani, akati mayiwa abwera ndi nkhani za ndiwo. Anthu aja alibe nthawi. Mukangonena kuti ayodini amakukanani, basi."

"Koma sindinapakidwepo chibadwire."

"Ndiye mukufuna mukayesere padiso?"

Palibe amene anatsutsa. Achemwali anali munthu wowerenga, ndipo ankalankhula chifukwa cha chikondi. Anadziperekanso kuti adzakhala gadiyani, poti Daisy anali ndi khanda, Lumbani ali pa mayeso.

M'mawa mwake mzere pa kachipatala paja unafika mpaka kumsewu. Nthawi yawo itakwana, namwino anafunsa ngati pali mankhwala amene thupi lawo limakana. NyaLongwe asanatsekule pakamwa, achemwali anayankha m'Chingerezi chosalala, ndipo m'mawu onsewo wodwalayo anangomvamo liwu loti ayodini. Namwino anatembenukira kwa mwini diso.

"Mama, n'zoona? Munapakidwapo n'kutupa?"

NyaLongwe anayang'ana chithunzithunzi cha mnzawo amene anasiya nyumba yake mbandakucha kudzakhala nawo pamzere. Kunena kuti ayi kukanakhala kuwayesa abodza pamaso pa alendo. Anavomera ndi mutu. Namwino sanafunsenso kuti zinachitika liti kapena zinaoneka bwanji. Mankhwala ena otsukira anthu otere gululo silinabwere nawo, ndipo panja anthu anali akudikira. Anangotsuka ndi madzi a m'botolo, n'kuwagoneka pabedi.

Lachinayi Loyera anawamasula thonje, ndipo anaona. Anaona nkhope ya achemwali ndi imvi zimene sankadziwa kuti zinamera. Anaona mapiri a kuseri kwa tauni. Anawalangiza kuti diso likayamba kupweteka, kufiira, kapena kuchitanso mdima, athamangire kuchipatala chachikulu tsiku lomwelo, osadikira. Anavomera, koma mtima unali kale kutchalitchi. Atafika m'chipinda chovaliramo ansembe, NyaLongwe anatenga nsalu zimene atsikana ankachapa m'malo mwawo, anaziyang'anitsitsa, n'kupukusa mutu.

"Ndiye mwakhala mukuyala zimenezi paguwa, ine n'kumayankha Amen?"

Madzulo amenewo anaimba pa Misa ngati mtsikana. Anamuimbira foni Lumbani kumuuza kuti akadzabwera adzamuona ngati wanenepa kapena akumanama.

Ululu unayamba Lachisanu m'mawa. Unali ngati wina akukankha chala kuseri kwa diso. Mayi woyandikana nawo nyumba anawaona akupukuta misozi ya diso limodzi, n'kuwakumbutsa zimene ananena madokotala.

"Lero Ambuye akukhomedwa misomali," anayankha. "Si tsiku loti munthu azidandaula ndi kadiso."

Anayenda Njira ya Mtanda yonse m'misewu ya Ching'ambo, mumvumbi, akugwada m'matope pamalo aliwonse oimapo. Ambiri mwa ife tinawaona atagwira nsalu kudiso. Tinawayamikira. Ena tinauza ana athu kuti aziona chitsanzo cha agogo aja, amene dzana lomweli anali pa opaleshoni koma sanajombe. Loweruka anasita nsalu za Pasaka ndi dzanja limodzi, linalo lili pankhope. Achemwali atawapeza anati ndi mmene bala limachitira likamapola, aupereke ululuwo kwa Ambuye. Anaupereka. Pa Misa ya Pasaka diso lija silinkasiyanitsanso kandulo ndi khoma.

Lumbani anafika Lolemba la Pasaka. Pafoni mayi ake ankamuuza kuti zonse zili makora, palibe vuto. Anawapeza atagona chafufumimba, chikope chitatupa ngati dzira, mafinya akutsikira patsaya. Anawakweza pakabaza, iye akuthamanga pambali atawagwira msana, mpaka pamene anapeza galimoto.

Kuchipatala chachikulu anachita zonse zimene akanatha. Anabaya mankhwala m'diso momwemo, anawagoneka, anayesanso. Tizilombo tinali titadya kale mkati. Dokotala wa maso, mayi wachichepere wolankhula mofatsa, atamva mmene zinayendera anakhala pamphepete pa bedi.

"Mama, m'ndiwo mumathira mchere?"

"Ndimathira."

"Wa m'paketi uja? Muli ayodini mmenemo. Mwakhala mukudya moyo wanu wonse. Chimene chimakukanani m'nsomba ndi chinthu china, sichikhudzana ndi mankhwala otsukira diso. Alipo anthu amene mankhwalawa amawakanadi, koma ndi ochepa, ndipo otere timawafunsa bwinobwino n'kuwapezera ena. Mankhwala aja ntchito yake ndi kupha tizilombo ta pachikope tisanalowe pabala."

"Ndiye akanatsuka sizikanachitika?" anafunsa Lumbani.

"Sindingalumbire. Nthawi zina zimachitika ngakhale titatsuka. Koma chitseko chinasiyidwa chosatseka. Ndipo mukanabwera tsiku limene ululu unayamba, mwina tikanapulumutsako kena."

"Linali Lachisanu Loyera, adokotala," anatero NyaLongwe.

"Chipatala sichitseka pa Lachisanu Loyera, mama."

Dokotala atachoka, Lumbani anafunsa amene anawauza kuti akane mankhwala. Mayi ake anatembenukira kukhoma. "Ndinavomera ndekha," anatero, "ndi mutu wangawu." Dzinalo Lumbani analimva kwa ena pambuyo pake, chifukwa m'nyumba muja tsiku la kolona lija munali amayi ambiri.

Anabwerera kunyumba diso lamanja litafa, lamanzere lili ndi nkhungu yake ija, imene inkakulirakulira. Sabata yoyamba anaponda mbaula ya moto. Lumbani anakapempha ku koleji kuti apume chaka chimodzi, ndipo chaka chimenecho sichinathe mpaka lero. Zimenezi zinawawawa mayi ake kuposa diso. "Diso ndi langa, sukulu ndi yako," ankamuuza. "Usakwirire ziwiri m'dzenje limodzi." Koma ankadziwa okha kuti panalibe wina wowatsogolera kuchimbudzi, ndipo patapita nthawi anasiya kunena.

Kunja nkhani inayenda ndi miyendo yake. Pomafika kumsika inali itasanduka yoti mankhwala ofiirira a madokotala anawotcha diso la NyaLongwe. Inalowa m'mphakati, inalowa m'kwaya, inakafika mpaka ku Nkhorongo. Amene ankadziwa zoona anakhala chete, pakuti kuwongola nkhaniyo kukanafuna kufotokoza za tsiku la kolona lija, pamene onse anaseka za milomo ya ng'ombe. Achemwali nawonso anakhala chete. Ankabwerabe kudzazonda, atanyamula buledi ndi shuga, n'kumakamba za mvula ndi za maukwati. Lumbani akawaona pageti ankapitiriza kuwaza nkhuni.

"Lumbani," ankaitana mayi ake ali m'nyumba, "ndamva mapazi a achemwali. Mpando."

Ndipo ankabweretsa mpando.

Chimene chinawadzutsa pamphasa ndi nkhani ya Bambo Overtoun Mhango, mmisiri wa matabwa amene anakhoma mabenchi ambiri amene timakhalapowa. Ng'ala inali itawatseka maso onse, ndipo chipatala chachikulu chinali chitawapatsa tsiku. Anakana kupita. Ana awo atawakakamiza anati, "Ine ndife ndi maso anga m'mutu, ngakhale osaona. Onani NyaLongwe." Mawuwa anafika kwa mwini dzina. Anamvanso kuti si Bambo Mhango okha. Nkhalamba zingapo za m'parishi muno zinali zitabwerera pakhomo pa chipatala, zonse zikutchula iwo.

"Ndasanduka chiopsezo cha m'munda," anauza mwana wawo. "Anthu akukhala mumdima chifukwa cha ine."

"Si chifukwa cha inu. Katchuleni dzina la achemwali pamphakati, anthu amve."

"Ndikatchula, diso libwerera?"

"Silibwerera, koma adziwa."

"Anthu afunika adziwe za mankhwala, osati za achemwali."

"Anakupherani diso, amayi. Anandichotsa ine pasukulu. Akubwera kuno ndi buledi ngati ndi mtengo wake."

"Anandikonda molakwitsa. Iwe sunakondepo munthu molakwitsa chifukwa udakali mwana. Mawa undiperekeze kuchipatala."

Anapita kukalembetsa diso lotsalalo. Anamwino anadabwa, poti munthu amene zamuchitikira zotere kawirikawiri sabwereranso. Atawayeza anapeza shuga wakwera kwambiri, ndipo anati opaleshoni idikire mpaka atsike. NyaLongwe sanadandaule. Anangopempha chinthu chimodzi, kuti awapake ayodini pamkono.

"Si mmene timayezera kwenikweni, mama," anatero namwino.

"Sindikufuna kuyezedwa, mwana wanga. Ndikufuna ndikaonetse anthu."

Namwino anaseka, ananyowetsa thonje, n'kuwapaka kuyambira pachigongono kutsika. Anawakhazika pabenchi kanthawi kuti aone ngati pachitike kanthu. Palibe chinachitika.

Madzulo a tsiku lomwelo mphakati unasonkhana kwa Bambo Mhango. Mawu a Mulungu atawerengedwa, NyaLongwe anapempha kulankhula, chinthu chimene sanachitepo m'zaka zonse. Anaimirira atagwira phewa la Lumbani, anapinda dzanja la bulauzi, n'kukweza mkono wofiirira uja.

"Awa ndi mankhwala amene mukuti anandiwotcha diso. Diso langa silinawalawe n'komwe. Ndinawakana, poganiza kuti ndi pachibale ndi nsomba, pamene si zoona. Ululu utayamba ndinakhala nawo kunyumba ngati nsembe. Mulungu sanandipemphe nsembe imeneyo. Ndinamupatsa chinthu chimene sanafune, ndipo inu munandiombera m'manja."

Bambo wina amene sankadziwa chiyambi chake anafunsa kuti anawauza ndani kuti akane. Amayi a mphakati anayang'ana pansi. Achemwali anali pomwepo, akupinda ndi kupindula ngodya ya chitenje.

"Mutu unavomera ndi uwu," anayankha NyaLongwe. "Dada Mhango, muli kuti? Inu simungaone. Bweretsani dzanja."

Lumbani anawatsogolera mpaka pamene panakhala nkhalambayo. Bambo Mhango anaugwira mkono uja monga amagwirira thabwa pofuna kumva ngati lapalidwa bwino. Anausisita kukwera ndi kutsika, anaununkhiza.

"Pali zidzolo apo, dada?"

"Palibe. Mkono wa nkhalamba basi."

"Ndiye tipita limodzi. Gadiyani wanu ndine."

"Wakhungu kutsogolera wakhungu? Buku limati tonse tikagwera m'dzenje."

"Buku silinanene za Lumbani. Iye azikhala patsogolo."

Anapitadi choncho, mnyamata patsogolo, mayi ake atagwira malaya ake, Bambo Mhango atagwira chitenje cha mayiwo. Anthu a kabaza ankaima kuwaonerera. Bambo Mhango anatsukidwa ndi mankhwala ofiirira, anachitidwa opaleshoni, ndipo anaona. Lero akukhomanso mipando. Pambuyo pawo anapita ena, ndipo aliyense NyaLongwe ankamuuza zinthu ziwiri zokha: kwa namwino unene zimene zinakuchitikira iwe, osati zimene unamva, ndipo likapweteka usadikire kuti kuche kawiri, ngakhale litakhala tsiku la Khirisimasi.

Tsiku lawo iwo silinafike. Shuga akatsika, magazi ankathamanga. Magazi akakhazikika, shuga ankakweranso. Ankapita, ankabwezedwa, ankapitanso atavala chitenje chochapa bwino. Anthu amene iwo anawakokera kuchipatala ankawadutsa panjira akuona, n'kumawapatsa moni mokweza ngati ndi makutu amene anafa. Diso lamanzere linatsekeka pang'onopang'ono mpaka linangotsala kudziwa kuti kwacha. Nsalu za paguwa anazisiya m'manja mwa atsikana, koma Loweruka lililonse ankapempha kuti azibwera nazo kuti azipinde. Chala chawo chinkapeza dontho la phula limene maso a atsikana analiphonya.

Sanamveke akufunsa Mulungu chifukwa chake. Amene ankafunsa ndi mwana wawo, ndipo ankafunsa mokweza. Iwo ankamusiya amalize, kenako n'kumupatsa kolona kuti atsogolere. Nthawi zina ankatsogolera. Nthawi zina ankaisiya pampando n'kutuluka, ndipo iwo ankayamba okha, kunena mbali yawo ndi yake yomwe.

Mvula ya chaka chino itangoyamba anafa ziwalo mbali imodzi. Atatuluka m'chipatala zinaoneka kuti ulendo wayandikira. Daisy anabwera kuchokera ku Kasungu. Bambo Mfumu anadzawadzoza mafuta a odwala n'kuwapatsa Ukalistia. Achemwali anabweranso. Polowa anagunda mphuthu ya chitseko, ndipo Daisy atawapatsa tiyi, dzanja lawo linapita pambali pa kapu. Anakhala kanthawi atagwira phazi la mnzawo, n'kutsanzika.

Atachoka, wodwalayo anaitana mwana wawo wamwamuna. Lilime linali lolemera koma mawu ankamveka.

"Wamva mmene achemwali agundira chitseko? Ng'ala imeneyo. Yayamba kale, akubisa."

"Apite kuchipatala. Njira akuidziwa."

"Sangapite. Akuganiza kuti Mulungu akuwadikirira kumeneko ndi mlandu wanga."

"Mwina akuwadikiriradi."

"Mulungu si iwe, Lumbani. Udzawaperekeze."

"Ali ndi ana awo."

"Ana awo ali kunja. Udzawaperekeze iweyo. Ndipo namwino akadzafunsa, usadzayankhe m'malo mwawo."

Mayi ake anafufuza dzanja lake pabulangete, analipeza, ndipo sanalisiye mpaka mnyamatayo anati, "Ndamva, amayi."

Anamwalira m'mawa wa tsiku lachiwiri lake, dzuwa litalowa pawindo, ana awo ndi amayi a mphakati akunena kolona. Milomo yawo inkatsatira mpaka pakati pa chinsinsi chachitatu, kenako inaleka. Sanabuule, sanaphiriphithe. Daisy anatseka diso limodzi lokha, poti linalo linali lotseka kale.

Pamaliro olankhula onse ananena chinthu chimodzi, kuti NyaLongwe sankadandaula, ankapirira ululu mwakachetechete, tiwatsanzire. Banja linamvetsera mitu ili pansi. Kupirira kumeneko n'kumene kunawadyera diso, ndipo iwo eni ananena pamaso pa mphakati kuti Mulungu sanakupemphe. Amene akufuna kuwatsanzira asatsanzire Lachisanu lija. Atsanzire tsiku limene mayi wamanyazi, amene sanalankhulepo pagulu, anakweza mkono wopakidwa mankhwala kuti anzake aone, n'kusenza yekha mlandu umene unali wa ambiri.

Mwezi wathawu Lumbani anakagogoda kwa achemwali. Ananyamuka ulendo wa kuchipatala. Iye anali patsogolo, iwo atagwira malaya ake. Kuchipatala namwino anafunsa funso lomwe lija.

"Mama, pali mankhwala amene thupi lanu limakana?"

Achemwali anatembenukira kumene kunali mnyamatayo, ngati akupempha kuti awathandize. Iye anayang'ana khoma. Namwino anadikira.

"Sindikudziwa, mwana wanga," anatero potsiriza, m'Chichewa, mawu ali pansi. "Palibe amene ananditupitsapo. Zina ndinkangomva."

Anawatsuka, anawachita opaleshoni, ndipo m'mawa mwake atamasulidwa thonje, munthu woyamba kumuona anali mwana wa mnzawo. Anayamba kulira. Namwino anawaletsa kuti asapukute diso. Lumbani anawagwira manja onse awiri kuti asalikhudze, monga anamulangizira, ndipo anawagwira mpaka analeka. Zimene anatumidwa anachita. Kukhululuka sikunafike, ndipo iye sakufuna kunama m'kalata ya mpingo kuti kunafika.

Ambuye awapatse Mayi Selina mpumulo, ndi kuwala kumene anakudikirira nthawi yaitali pabenchi ya chipatala. Koma amene ali ndi pemphero limodzi lokha aliperekere mwana wawo Lumbani, pakuti mayiwo afika kale.